ASakala ndi Chitini cha Malasha

Wosema miyala ya pamanda, uja amagwirira ntchito kuseri kwa City Market, anatifunsa funso limodzi limene linatiyambanitsa. Anali atalemba kale dzina papepala, atalembanso chaka chomwalira, ndiye anakweza mutu.

"Manje ba mudala banabadwa liti?"

Amuna anga, a Masauso, anatulutsa reji, chitupa cha boma, ya malemu atate awo n'kuloza chaka cholembedwa pamenepo. Ine ndinati ayi. Ndinanena mokweza kuposa mmene mtengwa ayenera kulankhulira pagulu, ndipo mpaka lero ndikakumbukira mmene wosemayo anandiyang'anira, manyazi amandigwira. Koma chaka chimenecho eni ake sanachivomerepo, ndipo mtima wanga unakana kuti tichiseme pamwala iwo atagona pansi pake, osatha kutsutsa.

Apongozi anga aSakala anatisiya chaka chatha, mvula yoyamba itangogwa. Anali mphunzitsi wa pulayimale wopuma ntchito, ndipo nyumba yawo ya ku Chelstone ndi imene tikukhalamo mpaka pano: ine, a Masauso, mwana wathu Tisa, ndi apongozi aakazi, amayi aNambewe. Chaka cha pareji chinachokera kwa kalaliki wina nthawi ya ufulu, amene anawayang'ana kumaso, n'kuyang'ana m'mutu ngati muli imvi, n'kulemba. Mayi wawo kumudzi ku Katete ankati anabadwa dzombe litangodutsa. Azakhali awo ankati dzombe linali lisanafike. Ndipo dzombe, aSakala ankatero akuseka, silinabwere kamodzi. Munthu akawafunsa zaka zawo ankatchula nambala, kenaka n'kupendeketsa dzanja uku ndi uku, kutanthauza kuti muonjezerepo pang'ono kapena muchotsepo pang'ono. Kupendeketsa dzanjako ankakutcha mchira. Ankati nambala yopanda mchira ndi nambala yonyada, ndipo iwo sankaikhulupirira.

Ankayenda maso ali pansi, moti osawadziwa ankaganiza kuti ataya kiyi. Mvula ikangokata ankavala nsapato zawo zakutha n'kutuluka, kukaona zimene madzi afukula m'ngalande. Pobwera matumba a jekete anali olemera ndi mapale, zidutswa za mbiya zakalekale, ndipo amayi ankasoka matumbawo akulalata. Mukawabweretsera phale, sankayamba ndi kulisirira. Ankafunsa kuti mwalipeza pati, linali pansi pa chiyani, pamwamba pake panali chiyani. Ngati simukudziwa ankakubwezerani, amvekere limenelo ndi phale chabe tsopano, lasiya kukhala mboni. Ndi nkhani za m'komboni ankachita chimodzimodzi. Wina akathamangira kudzanena kuti ufa wafika kusitolo ya boma, kapena kuti ku Kabwata kuli saladi, mafuta ophikira aja, ndi sopo, iwo ankafunsa kaye ngati waona ndi maso kapena wangomva. Nthawi zina pofika pamzere tinkapeza zatha chifukwa cha mafunso awowo.

Ine ndinalowa m'nyumba muno ndi sitifiketi yanga ya utayipi ndi mantha ambiri. Ndine munthu wamantha, zimenezo ndivomere. Kwathu mtengwa sakhala chipinda chimodzi ndi apongozi aamuna, choncho miyezi yoyamba ndinkazungulira kuseri kwa nyumba ndikangomva akutsokomola pakhonde. Tsiku lina anandiitana kudzera mwa amayi. Nditagwada patali, anandikankhira beseni la madzi, mswachi wakutha ndi mulu wa mapale. Anati maso awo ayamba kuchita nkhungu, ndiye akufuna wina woona bwino mizere ya pamapalepo. Anati mwambo auziwa, koma mwambo sunaone nyumba ya khansolo ya zipinda ziwiri. Kuyambira tsiku limenelo ndinkakhala nawo pakhonde, ine pamphasa iwo pampando, ndipo zambiri zimene ndikulemba pano ndinazimva mswachi uli m'manja.

Za zinthu zakale anaziphunzira patchuthi. Zaka za ufulu, nyumba zikumera mbali zonse za Lusaka, okumba maziko ankakumana ndi mapale ndi mafupa, ndipo ofesi yoona za zinthu zakale inatumiza mzungu wina ndi gulu lake kukakumba malo ena chakum'mawa kwa tauni. ASakala anapitako ndi ana asukulu kukaona. M'mawa mwake anabwererako okha, ndipo tchuthi chonse chinathera m'dzenje. Kumeneko n'kumene anaphunzira kuti dothi limagona mosanjikizana ngati mabulangete, lapansi ndilo loyamba kuyalidwa, pokhapokha chiswe kapena munthu atasokoneza. Anaphunziranso kuti oumba mbiya a nthawi imodzi ankadinda mizere yofanana. Koma chimene chinawagwira mtima ndi malasha, makala omwewa timaphikira pambaulawa. Ankandifotokozera kuti mtengo ukakhala wamoyo umamwa kanthu kena kamumpweya, ndipo tsiku limene wafa kanthuko kamayamba kuchepa pang'onopang'ono, mwa muyeso umene akatswiri amaudziwa. Kunja kwa dziko lino kuli makina oyeza katsalako, ndipo amanena kuti mtengowo unafa kale bwanji. Yankho lake limabwera ndi mchira, zaka zakuti uku, zaka zakuti uku. Iwo ankawakonda makinawo chifukwa cha mchirawo.

Koma ankachenjezanso. Makina amanena za mtengo, sanena za mbiya. Ngati anthu anasonkha chitsa chimene chinauma agogo awo asanabadwe, mudzi udzaoneka wakale kuposa mmene unalili. Ngati muzu wa mtengo wa dzana unalowerera pansi n'kupsa ndi lupsa, mudzi udzaoneka wamng'ono. Za kuwerenga maina a mafumu ankati nazo zili ndi matenda ake: mfumu yoipa anthu amailumpha, yabwino amaipatsa zaka za anthu awiri. Mfundo yawo inali yoti mboni imodzi sigamula mlandu. Dothi linene, phale linene, lasha linene, ndipo zikagwirizana ndiye munthu ayambe kutsegula pakamwa, koma pang'ono.

Mnzawo wokangana naye anali Ba Kaoma a nyumba yoyang'anana ndi yathu, mkulu wa mpingo wa Sabata, wa ku Luapula. Lamlungu lililonse masana ankabwera atanyamula mpando wawo.

"Shani, Ba Malasha! Makina yanu yakamba chani lelo?"

"Khalani pansi, aKaoma, musagwe ndi nzeru."

"Ine nifunsa chabe. Iyo makina inaliko pamene mutengo unafa? Inaona?"

"Nanga inu munalipo pamene Nowa ankakhoma chingalawa?"

"Ine nili na Buku!"

"Inenso Bukulo ndili nalo, ndimaliwerenga m'mawa uliwonse. Koma silinatchule Chelstone."

Ankatha masana onse motero, tiyi akuzizira. Ine poyamba dzina loti Ba Malasha ndinkaliyesa nthabwala ya anthu awiri okondana. Kenaka ndinazindikira kuti komboni yonse imawatcha choncho, ndi ana omwe, ndiponso kuti ena akalitchula amaseka mwamtundu wina. Ndinafunsa amayi tsiku lina akusita. Anaika ayironi pansi, yomwe ija yachitsulo yothiramo malasha, n'kuiloza ndi chala.

"Funsa iyi. Mlandu wonse uli m'mimba mwa iyi."

Nkhani yake inachitika ine ndisanabwere, cha m'zaka zimene chipani chinatsala chimodzi m'dziko muno. Kuseri kwa mzere wathu wa nyumba kunali kamtunda kopanda nyumba, kamene anthu ankadulirapo njira. ASakala akukumba dzenje la zinyalala m'mbali mwake anapeza mapale a mizere yonga ija anaiona kwa mzungu uja, pamodzi ndi miyala yakuda yolemera imene imatsala posungunula chitsulo. Anasiya khasu pomwepo n'kupita kukauza a ofesi ija. Anawalola kukumba kadzenje kamodzi mwadongosolo, ndipo pansi penipeni, pansi pa mapale, anapeza phulusa ndi timalasha ta moto umene wina anasonkha kalekale. A ofesi anati ndalama zakunja n'zosowa, koma chitini chimodzi angathe kuchitumiza.

Vuto linali loti kamtundako kanali katapatsidwa kale ntchito. Acheyamani a chipani a dera lathu ankafuna kumangapo msika. ASakala anawapempha kuti adikire yankho, ndipo acheyamani anavomera, chifukwa nawonso nkhaniyo inawakomera. Anati malowo akapezeka kuti ndi akale adzawatchinga ndi waya, adzaika chikwangwani, adzaitana nduna kudzadula riboni, ndipo msika adzaufunira pena. Akapezeka kuti si akale, gileda ibwera kudzasalaza malowo.

Timalashato aSakala anatitola ndi supuni yotsuka bwino, osatikhudza ndi dzanja, n'kutiika m'chitini cha koko. Tinali tonyowa, ndiye anasiya chitinicho chosavindikira pawindo la kukhitchini kuti tiume. M'mawa mwake ankayenera kupita nacho kutauni.

"Ndiye iwe taganiza," amayi anandiuza. "Bambo akufuna shati yoyera yosita, akukaonana ndi akuluakulu. Thumba la malasha latha, wogulitsa sanadutse. Ndikuyang'ana pawindo, malasha ali apo m'chitini, ang'onoang'ono, a ayironi enieni. Ukanatani iwe?"

"Mayi, munawasonkha?"

"Ndinawasonkha, ee! Ndipo sanayake bwino n'komwe, ndinachita kuwakupiza mpaka mkono kuwawa. Wanjinga wa malasha atabwera ndinagula thumba, ndinaphwanya ena n'kudzaza chitini chawo mpaka pakamwa, kuposa mmene ndinachipezera. Ndinati munthu asadandaule. Malasha ndi malasha. Ndani amasunga chuma cha makolo pawindo la kukhitchini?"

Amayi sanavomerepo kuti analakwa, ndipo pano ndawafunsa ngati ndingalembe zimenezi, andiyankha kuti ndilembe, adzawamange ndani. ASakala anavala shati yawo yosalala, anavindikira chitini osayang'anamo bwino, n'kukwera basi.

Yankho linatenga miyezi yambiri. Litabwera linati malashawo ndi a mtengo wodulidwa masiku omwe ano. Amayi akuti bambo anakhala pakhonde mpaka dzuwa kupendeka, kenaka anaitana, osakweza mawu.

"Nambewe, chitini chija chinagona pati?"

Amayi anawauza zonse, ndipo anaonjezera kuti shatiyo anthu anaiyamikira.

Acheyamani anafika tsiku lomwelo, nkhani isanamveke. Atamva yankho sanakwiye. Anakokera mpando pafupi.

"Ba ticha, mvelani. Pa mitingi imwe muzakamba chabe ati ni zaka thuu sauzande. Nindani azayenda ku bazungu kukafunsa? Ise tifuna bantu bazibe ati kuno tenze kupanga nsimbi kudala, bazungu bamwisa bakalibe kubwela. Si ndiye vamene mufuna naimwe?"

Apa ndi pamene ndimaona kuti nkhaniyi inali yolemera, chifukwa acheyamani sankawapempha bodza lakutali. ASakala ankakhulupirira ndi mtima wonse kuti malowo ndi akale. Mapale awo ankafanana ndi a malo ena amene anayezedwa bwinobwino. Akanangobwereka nambala ya kumeneko, mwina sakanaphonya kwambiri, kamtunda kakanapulumuka, ndipo dzina lawo likanalembedwa pachikwangwani. Amayi nawo anawauza kuti angonena, popeza malasha enieniwo analipodi, iwo anawaona ndi maso asanawasonkhe. Bambo anayankha kuti kuganiza ndi kwina, kudziwa ndi kwina, ndipo iwo akhala akukwapula ana a eni chifukwa chokopera yankho la mnzawo.

Msonkhano unachitikira pabwalo la sukulu Lamlungu masana. Ba Kaoma analipo, ndipo ndi iwo anandifotokozera mbali imeneyi. ASakala anaimirira n'kunena yankho monga linabwerera. Wina kumbuyo anafuula kuti ndiye kuti makolo athu anasamuka dzulo, ndipo bwalo lonse linagwa ndi phwete. Mzimayi wina wa chipani anafunsa ngati makina a azunguwo ndi abodza. Pamenepo panali pothawira pabwino, chifukwa masiku amenewo kunyoza za azungu kunkaomberedwa m'manja. Iwo anati ayi, makina anena zoona za malasha amene anapatsidwa. Anati zimene zinali m'chitini si zimene zinatuluka m'dzenje, kusokonekera kunachitikira kunyumba kwawo, ndipo wolakwa ndi iwo amene sanamate chitinicho. Dzina la amayi sanalitchule. Anapempha kuti awapatse nthawi atumize china.

A ofesi anali atanena kale kuti chaka chimenecho sizingatheke. Acheyamani anati azimayi akhala akugulitsa tomato padzuwa nthawi yonse imene ankadikira makina, ndipo pamenepo, aSakala ankavomera okha, acheyamani sananame. Gileda inabwera mvula isanayambe. Inasalaza pamwamba pa kamtunda, amisiri anathira konkire, anaimika zipilala. Kenaka simenti inasowa m'dziko, ndipo denga silinaikidwe mpaka lero. Dzina la Ba Malasha linayamba tsiku la msonkhanolo.

Ba Kaoma anandiuza kuti iwo anaseka nawo, ndipo kunyumba anauza akazi awo kuti makina agwa. Koma Lamlungu lotsatira ndi pamene anayamba kunyamula mpando kubwera kuno. "Muntu wamene akana boza yamene ingamutandize," anatero, "uyo ungakangane naye bwino."

Ndanena kuti ndine wamantha. Tisa anachedwa kuyenda. Ana a anzanga obadwa pambuyo pake anali kuthamanga kale, iye akungokwawa, ndipo kukiliniki nesi wina anayang'ana khadi n'kunena mwezi umene mwana amayenera kukhala atayenda. Ndinabwera ndikulira njira yonse. Ndinkamupinda miyendo, ndinkamuimika pakhoma, ndinayamba kuganiza za anthu amene sanandikonde paukwati. ASakala anandipeza kuseri ndikupukuta maso.

"Amake Tisa, nambala imene akuuzaniyo, mchira wake anakuuzani?"

Ndinati ayi.

"Bwererani mukafunse. Nambalayo si yabodza, anaipeza poona ana ambiri. Koma ana ambiriwo sanadzuke tsiku limodzi. Mukafunse kuti ochedwa amafika pati, ndipo mukapemphe amuone miyendo ndi msana. Musakhulupirire ine, ine ndine wa mapale."

Ndinabwerera. Sisita wamkulu anamuyeza bwinobwino, anati mwana alibe vuto, ali m'kati mwa nthawi, ndidikire. Sindinganame kuti mantha anatha. Koma ndinagona.

Chimene sindinkagwirizana nawo n'choti ankamupatsa Tisa mapale kuti aziseweretsa. Ndinkaopa kuti ameza, ndinkaopanso za eni mbiyazo, anthu akufa osadziwika. Ndinkachita kumulanda mwana mwaulemu n'kukamusambitsa m'manja ndi sopo amene tinkamuumira. Iwo ankaona, mawa n'kumupatsanso lina.

Sanadwale nthawi yaitali. Chifuwa chinawagwira nyengo yotentha, ndipo sabata imene mvula inagwa anapempha nsapato zawo zakutha, koma sanathe kuzivala. Tinawaika kumanda a kufupi ndi Chunga. Ba Kaoma anakana kuti anyamata okha anyamule bokosi, anagwira nawo chakumutu.

Za mwala zinatha motere. Titabwerera kunyumba osagwirizana, a Masauso anakasuma kwa amayi kuti mkazi wawo wawachititsa manyazi kutauni. Amayi anamvetsera, kenaka anati chaka chomwalira tonse tinachiona ndi maso, chimenecho chilembedwe. Chinacho, ngati bambo sanachidziwe, wosema miyala achidziwa bwanji? Choncho pamwala pali dzina, pali chaka chimodzi, ndipo kumanzere kwake mwala ndi wosalala. Achibale ena pokavundukula anang'ung'udza kuti tinaumira.

Konkire ija ilipobe kuseri kwa mzere wathu, ndi zipilala zake zopanda denga. Azimayi a tomato anaikana chifukwa cha dzuwa, anakakhala pansi pa mitengo kumsewu. Amene anaitenga ndi ogulitsa malasha. Matumba amaunjikidwa pamenepo kuchokera kuthengo, ndipo pansi ponse ndi pakuda bii. ASakala zimenezi zinkawaseketsa. Ankati gileda inangometa pamwamba, zapansi zilipo, ndipo konkire yachita zimene iwo analephera: yamata chitini. Ankati tsiku lina wina adzaswa pakati penipeni, kutali ndi fumbi la m'mbali, n'kutola bwino, ndipo adzadziwa. Sankanena kuti adzapeza kuti iwo ankanena zoona. Ankangoti adzadziwa.

Pangodya ya kum'mawa madzi a mvula anakumba kangalande pansi pa konkire, ndipo pamenepo pali njerwa ziwiri zosanjikiza zimene aSakala ankakhalira akamayang'ana zimene zatuluka. Ogulitsa malasha sazisuntha, sakhalaponso. Mvula ya sabata yatha yafukula mapale ena, a mizere yodinda ija, ndipo angogona m'matope momwemo. Dzulo ndinadutsa ndi Tisa pokagula malasha. Anandisiya dzanja n'kuthamangira pangodyapo, anatola phale limodzi n'kuima nalo patsogolo pa njerwazo, akuyang'ana uku ndi uku kuti ampatse ndani. Sindinamulande. Ndinangomufunsa kuti walitola pati, ndipo anandilozera.